Mkamwini Amene Anathirira Zitsa

Panali munthu wina, mkamwini, amene anali asanaonepo nyanja yamchere. Chaka chimene mkazi wake anabereka mwana woyamba, wamkazi, mkulu wake wa munthuyo anabwera kuchokera ku Mozambiki, kumene ankapala matabwa m'mbali mwa nyanja. Anabweretsa mizu makumi anayi ya mtengo wachilendo, yokulunga m'chiguduli chonyowa. Anati mtengowo umakula msanga, thabwa lake ndi lopepuka kwambiri, ndipo kunyanjako amasema nalo chinthu choimapo pa mafunde.

Munthu uja sanamvetse. Anafunsa ngati ndi bwato, mkulu wake anati ayi. Anafunsa ngati amaphera nsomba kapena kuwolokera tsidya lina. Anatinso ayi: munthu amangoima pamwamba pake, funde n'kumubweza kumtunda kumene wachokera, iye n'kubwereranso.

"Ndiye akafika kumtundako amapeza chiyani, achimwene?"

"Palibe. Amangosangalala. Iwe dzala basi."

Potsazika, mkulu wake anamusiyira lamulo limodzi. Nyengo yozizira ikafika, masamba akayoyoka, adule mitengo yonse pansi penipeni. Chifukwa chake sananene, popeza minibasi imene anakwera inali itayamba kale kuyenda.

Kumudzi kwa mkazi wake, mkamwini sankadzala mitengo. Anthu ankati mkamwini adzale zokolola chaka chomwecho, chifukwa sadziwa tsiku limene adzapinde mphasa yake. Koma iye akayang'ana kamwana kake ankafuna chinthu chonena kuti sakuchoka. Anapita kwa atsibweni a mkazi wake kukapempha kachigawo ka munda kuseri kwa nyumba. Iwo anavomera monyinyirika. Anamupatsa zaka ziwiri. Pakapanda kuoneka chanzeru, azule zonse, chimanga chibwerere pamalo pake.

Muzu woyamba anaudzala tsiku limene mwana anatuluka m'chikuta, ndipo ankautcha mtengo wa Mtisunge, dzina la mwanayo. Kenako anadzala ina yonse. Mvula inali isanayambe, choncho m'mawa uliwonse ankatunga madzi pachitsime, ndowa ziwiri ziwiri, mpaka mapewa kutupa.

Mitengo inakuladi. Masamba ake anali ngati malichero. Pofika mwezi wa Epulo inali itapitirira denga la nyumba, ngakhale yambiri inali yokhota ndi yamphanda. Alamu ake, amene poyamba ankamuseka, anatseka pakamwa. Atsibweni nawo anayamba kudzera nawo pamenepo alendo.

Kenako kunazizira, masamba anayoyoka, ndipo munthu uja anakumbukira lamulo lija. Anaimbira foni mkulu wake, koma sinkalowa. Masiku atatu ankapita kumitengoko ndi chikwanje n'kubwerera osadula kanthu.

"Bambo a Mtisunge, mwina simunamve bwino," anatero mkazi wake. "Munthu angakuuzeni kudula chinthu chimene chikukula?"

Iye anati kumva anamva bwinobwino, kumvetsa ndiye ayi.

Tsiku lachinayi anadula. Anayambira kumunsi, umodzi umodzi, mpaka makumi atatu ndi isanu ndi inayi. Atafika pa mtengo wa Mtisunge anakweza chikwanje, koma mkono unakana. Anausiya.

Madzulo ake alamu ake anafika. "Alamu, tamva kuti mwalima zitsa chaka chino. Kodi zimenezi timakolola mwezi wanji? Kapena mafunde aja ndi amene adutsa pano?"

Atsibweni nawo anafika. Anangoyenda m'kachigawo kaja kuchokera uku kufika uko, kuwerenga ndi mapazi mizere ya chimanga imene ingakwanemo.

Dzuwa linayamba kutentha. Munthu uja anatenganso ndowa zake n'kumathirira zitsa. Sankadziwa ngati akuthirira zamoyo kapena zakufa. Amayi opita kudambo ankaima, kumuyang'ana, n'kupitirira akunong'onezana. Nthawi zina iye mwini ankaima ndi ndowa m'manja n'kudzifunsa kuti, ndadula ndine, ndikuthirira ndine, zonsezi chifukwa cha thabwa losapita kulikonse?

Mwezi wa Okutobala zitsa zinaphuka. Mvula itagwa, mphukira zinakwera mowongoka, zopanda nthambi, ndipo dzinja lisanathe zinali zitapitirira mtengo wosadulidwa uja. Atsibweni anasiya kuwerenga mizere.

Patatha zaka zisanu ndi chimodzi mkulu wake anabwera ndi anthu ocheka matabwa. Anagogoda mtengo uliwonse ndi chala, n'kutenga yonse imene inadulidwa ija. Apa m'pamene anafotokoza kuti chaka choyamba mtengowu umamanga mizu, ndipo zapamwamba zimakhala zongoyeserera. Atafika pa mtengo wa Mtisunge anaseka. Unali waufupi, wamphanda, wodzaza mfundo. Anati mmenemo mulibe thabwa ngakhale limodzi.

Munthu uja anachita manyazi. Anaganiza kuti chisoni chake n'chimene chinawononga mtengo wa mwana wake.

Lole yonyamula matabwawo inanyamuka, kuseri kwa nyumba kunatsalanso zitsa. Mtengo umodzi wokha unaima pamenepo, ndipo pa nthambi yake yokhota panalendewera chingwe cha katungwe wa Mtisunge. Mwanayo anali pamenepo, akukankha pansi ndi mapazi, kupita n'kubwerera, kupita n'kubwerera, osafika kulikonse, akuseka.

Mkazi wa munthu uja anaima pambali pake n'kunena motsitsa mawu kuti, "Mtengowu ukanawongoka, nawonso ukanakwera lole."

Munthu uja anayang'ana zitsa, anayang'ana katungwe. Sanadziwe ngati anachita bwino pamene anadula kapena pamene analeka. Anangotola ndowa zake n'kulowera kuchitsime.

Inu abambo anzanga amene mwanyamula ana aang'ono, tsiku lidzafika lofunika kusankha pakati pa kudula ndi kuleka, ndipo wokufotokozerani adzakhala atakwera kale minibasi. Mwina mudzalakwitsa, mwinanso simudzadziwa n'komwe kuti munalakwitsa pati. Koma taonani kuti mwa mitengo makumi anayi ija palibe umene unafa, wodulidwa kapena wosiyidwa, chifukwa yonse inamwa madzi a ndowa zomwezo. Zimene simukuzimvetsa zisakuletseni kupita kuchitsime mawa m'mawa.