Tsiku Limene a Ndondomeko Anaitanira Minibasi

Pabalaza pa a Ndondomeko panali khoma limodzi lopanda kanthu. Makoma enawo anali ndi kalendala, wotchi ndi satifiketi ya uphunzitsi, koma ili analisungira chithunzi chimodzi chokha: iwo, akazi awo ndi mwana wawo wamkazi, ataima pakati pa miyala yamakedzana imene anthu amachokera kutali kudzaiona.

Miyalayo sinali kutali kwenikweni. Munthu ankangokwera minibasi kuseri kwa msika, ulendo wa maola angapo. Ndi miyala italiitali yoimikidwa mozungulira, ina yogonekedwa pamwamba pa inzake ngati mafelemu a zitseko, ndipo palibe akudziwa amene anainyamula. Vuto linali anthu. A Ndondomeko anali hedimasitala asanapume pa ntchito, ndipo ankati moyo wawo wonse anauthera m'phokoso la ana a eni, choncho pachithunzi chawo sipadzaoneka mutu wa mlendo, ngakhale chigongono. Dzinalo anawapatsa ndi aphunzitsi anzawo, poti munthuyu ngakhale kuyetsemula ankafuna kukhale pa pologalamu.

Anthu oyandikana nawo nyumba atachita hayala basi pa tchuthi kuti akaone miyalayo, anabwera kudzawaitana.

"Pa tchuthi?" anatero a Ndondomeko. "Mukukaona miyala kapena misana ya anthu?"

Loweruka ankati kumadzadza a m'tauni. Lamlungu ankati kumadzadza a kwaya. Nyengo yadzuwa ankati kumadzadza alendo akunja ndi zipewa zawo. Akazi awo anasita diresi la ulendowo kangapo konse, n'kulibwezeranso m'sutikesi.

Kenako mwana wawo, amene anali namwino ndipo aliyense ankangomutchula kuti Nesi, anapeza ntchito kunja kwa dziko. Sankadziwa kuti adzabweranso liti.

"Abambo ake Nesi," anatero mayiwo usiku wina pa tebulo, "mwanayu akupita. Tipite Loweruka lomwe lino, anthu akhalepo asakhalepo."

"Mayi, mundisiyire ine. Ndalipeza tsiku. Lachiwiri, pakati pa mwezi matumba a anthu atauma, masukulu atatsegulira, kunja kukuwaza kamvula. Tikakhalako tokhatokha ngati miyalayo ndi ya pakhomo pathu."

"Ababa, ndege yangatu ndi Lachitatu," anatero Nesi.

"Ndiye bwinotu. Chithunzi chikafika kumeneko chidakali chotentha."

Lachiwiri linafika ndi kamvula kake, monga analosera, ndipo a Ndondomeko ankayenda monyadira ngati mitamboyo aiitanitsa ndi iwo. Anavala suti ndi tayi. Mayi anavala diresi lija. Pa siteji anapeza minibasi imodzi yokha, dalaivala atagona, mapazi ali pa chiwongolero.

"Adalaivala, tiyeni tizipita."

Dalaivala anatsegula diso limodzi. "Tinyamuka ikadzadza, bwana."

"Idzadza nthawi yanji?"

"Anthu akabwera. Koma nyengo inotu sabwera. Ngakhale kondakitala wanga ndamuuza kuti akapume. Ngati muli pachangu, lipirani mipando yonseyi."

"Ndilipirire mipando yopanda munthu? Ine?"

Atatuwo analowa m'minibasimo n'kukhala pansi kudikira. Anthu ankadutsa ndi maambulera awo osacheuka n'komwe. Mayi anayamba kusinza. Nesi ankangoyang'ana foni, kenako n'kuyang'ana bambo ake. Wotchi ya pamkono inawauza a Ndondomeko kuti m'mawa wapita. Anatsika, n'kukaima pakhomo pa minibasi.

Poyamba ankaitana mwaulemu, ngati akulandira makolo ku msonkhano wa sukulu. "Pepani achimwene, kodi munakaonako miyala yamakedzana?" Palibe anaima. Kenako anakweza mawu. Posakhalitsa tayi anali paphewa, dzanja likumenya denga la minibasi.

"Ku miyala! Ku miyala! Yatsala pang'ono kudzadza! Amayi, kwerani, mipando ndi ya ofewa!"

Munthu amene kale ankalanga ana chifukwa chokuwa pakhonde anakuwa mpaka mawu anasasa. Wina amene anamuphunzitsa zaka zapitazo anaima, n'kuvula chipewa, n'kufunsa mwachisoni ngati penshoni yasiya kubwera. A Ndondomeko anangomugwira mkono n'kumukweza.

Anakopa wometa tsitsi amene anakhala m'mawa wonse osaona mutu. Anakopa amayi awiri amene amachokera ku chipatala ndipo samafuna kubwerera msanga kwa apongozi. Anakopa mnyamata ndi chibwenzi chake amene anangobisala mvula. Onsewa anawalonjeza kuti akawafotokozera mbiri ya miyalayo ulere, mwala uliwonse pawokha. Womaliza anali bambo wina wonunkha mowa amene anangofunsa ngati minibasiyo ili ndi mpando wa pawindo.

Ananyamuka dzuwa litapendeka kale. M'njira wometa anayambitsa nyimbo, amayi aja n'kuvomera, woledzera uja n'kumaimba ina yakeyake. A Ndondomeko anapanikizika pakona, bondo la munthu wosamudziwa lili m'nthiti, koma mumtima ankadzitonthoza kuti kagulu aka n'kochepa, akafika akauza kuti kaime kumbali.

Atafika, pamalo oimika magalimoto panalibe ngakhale njinga. Mashopu a zikumbutso anali otseka. A Ndondomeko anatsika akumwetulira.

"Mwaona, mayi? Ndinanena ine. Kulibe munthu!"

Pa geti panali loko wamkulu. Mlonda anatuluka m'kanyumba kake atafunda bulangete, kapu ya tiyi ili m'manja.

"Mwachedwatu, akuluakulu. Nyengo ino timatseka masana, poti sikubwera anthu. Makiyi apita ndi a mu ofesi. Mubwere mawa m'mawa."

"Mawa mwanayu akukwera ndege," anatero a Ndondomeko. Mawu anatuluka aang'ono, osasa. "Chonde, achimwene. Chithunzi chimodzi chokha."

"Ndikanakhala ndi kiyi ndikanakutsegulirani, bambo. Loweruka likanakhala bwino, timatseka dzuwa litalowa."

Kumbuyo kunabuka phokoso. Wometa ankafuna mbiri imene analonjezedwa. Amayi aja ankafunsa kuti akanena chiyani kunyumba. Woledzera anagwira mpanda n'kulengeza kuti iye miyalayo akuiona bwinobwino, ndipo ikuyenda. Pofuna kuziziritsa zinthu, dalaivala anatenga foni ya Nesi kuti awajambule pa geti pomwepo, koma asanadine, gulu lonse linathamangira kudzaima nawo, poti aliyense anati walipira ulendo. Pachithunzipo panatuluka mitu yambirimbiri, loko, ndi kapu ya mlonda. Mwala sunaoneke ngakhale umodzi.

Anthu atabwerera m'minibasi, atatuwo anatsala pa mpanda. Mvula inali itakata. Patali, pamwamba pa kachitunda, miyala ija inaima yokhayokha pa udzu wonyowa, dzuwa lamadzulo likuiwalira. Panalibe mutu wa mlendo, panalibe chigongono. Inali yokongola kuposa mmene a Ndondomeko ankaiganizira zaka zonsezi, ndipo zinawawawa kwambiri. Mayi anayang'ana diresi lawo, mpendero wake uli matope okhaokha.

Nesi anayamba kuseka, kenako kusekako kunasanduka misozi. Anakolowetsa dzanja lake pa mkono wa bambo ake n'kutsamira paphewa pawo.

"Ababa, mwapambana ndithu. Malo opanda anthu mwawapeza. Ngakhale ife sitilimo."

A Ndondomeko anafuna kuyankha, koma mawu anali atathera pa siteji. Dalaivala analiza hutala.

Anapempha tsiku lopanda anthu ndipo analilandira lathunthu, pamodzi ndi minibasi yake yosadzadza ndi geti lake lotseka. Akuluakulu sananame: walira mvula, walira matope.