Bambo Amene Anatsuka Sefa Mobisa

Kunali bambo wina ku Chilomoni, mumzinda wa Blantyre. Anali ndi nyumba ya mpanda, ntchito yabwino, ndi mkazi wodekha dzina lake Nangozo. Ana awo anali atakula n'kuchoka pakhomo. Kutchalitchi bamboyu ankakhala kutsogolo, ndipo akayamba kupemphera mawu ake ankamveka mpaka kumsewu. Koma anali ndi nthenda imodzi yoipa: iye sankalakwa. Chinthu chikasowa, wataya ndi wina. Chikasweka, waswa ndi wina. Akapunthwa pamwala, ankafunsa kuti mwalawo waika pamenepo ndani.

Tsiku lina mkulu wake wa ku Joni anamutumizira makina otsukira mbale pa thiraki ya katundu. Anali makina akale, eni ake atatopa nawo, chitseko chake chitachita chikasu ngati mano a munthu wosuta fodya. Koma ankagwirabe ntchito. Ukatsegula umapezamo mashelufu awaya oikamo mbale, ndi timikono ta mabowo ang'onoang'ono timene timazungulira n'kumapopera madzi otentha. Bamboyu anawaika kukhitchini, n'kulumikiza mapaipi ndi manja ake. Kuyambira pamenepo mlendo aliyense, asanapatsidwe ndi mpando womwe, ankayamba wakokeredwa kukhitchini kukaona makina.

Kenako anaika lamulo. Inu mukudziwa mmene timachitira ife. Munthu akatha kudya, zotsala m'mbale timazipalira m'chitini, zikhale za galu kapena za nkhuku, mbaleyo n'kupita kokatsukidwa. Nangozo anachita zomwezo. Mwamuna wake atamupeza akupala mbale, anakwiya ngati wamutukwanira mayi ake.

"Mukutani apo? Makina ochokera ku Joni mukuwathandiza inu? Mbale zizilowa mmene zilili. Chimidzi chimenecho chithe m'nyumba muno."

"Nanga minga ya nsombayi ipita kuti, bambo?" anafunsa Nangozo.

"Makinawo akudziwa. Ndipo pansi pakepo musamagwirepo, mungandiwonongere."

Nangozo anachita zimene anauzidwa. Mbale zinayamba kulowa ndi minga yake, ndi mitu ya usipa, ndi nyenyeswa za nsima, ndi mafuta a ndiwo za dzulo.

Tsopano tcherani khutu, chifukwa nkhani yagona apa. Makina amenewa akatunga madzi, amawazunguza omwewo. Madzi amathira mbale, amatsikira pansi, amadutsa m'sefa imene imagwira zinyalala, kenako amakweranso kukathira mbale. Sefa ikadzaza, ndiye kuti madzi oipa omwewo akubwerera pambale iliyonse. Zimenezi bamboyu sankazidziwa, ndipo kufunsa sankafuna, poti munthu wodziwa zonse afunse ndani?

Patapita miyezi, mbale zinayamba kutuluka zoterera. Matambula anachita chifunga. Ukatsegula chitseko, fungo la ngalande linkakumenya kumaso. Bamboyu anayamba kufufuza vuto, koma kafufuzidwe kake kanali kofuna munthu womuloza chala. Poyamba anati ndi a zamadzi, akupereka madzi ofooka. Anatukwana. Kenako anati ndi magetsi othimathimawa. Anatukwananso. Kenako anati sopo wa makinawo ndi wachabechabe, n'kuthiramo sopo waufa wochapira zovala. Thovu linatuluka m'mbali mwa chitseko, n'kudzaza khitchini yonse mpaka pabalaza. Nangozo anakolopa tsiku lonse, iye ali chilili pakhomo kumukalipira kuti akuchedwa.

Anasintha paipi yotulutsa madzi, imene inalibe vuto. Anapukuta chitseko mpaka chinawala. Anamenya makinawo khofi, n'kuwaponda theche. Zonsezi ankachita ataimirira. Kuwerama n'kusuzumira pansi, ayi, thalauzi lake likanada.

Atatha kuloza onse akunja, chala chinafika pa munthu amene sakanathawa. M'mawa uliwonse anali Nangozo. Simudziwa kuika mbale. Mwadina pena pake. Mukuwononga dala chifukwa cha nsanje, poti makinawa anachokera kwa abale anga. Mayi uja masana, mwamuna wake ali kuntchito, ankatulutsa mbale zonse n'kuzitsukanso m'beseni kuti pakhomo pakhale mtendere.

Ndiye linafika Lamlungu lina pamene mapemphero a m'dera anachitikira kunyumba kwawo. Anthu anadzaza pabalaza. Atatha kuimba ndi kupemphera, bamboyu anafuna kuonetsa makina ake. Anapita yekha kukhitchini, n'kutulutsa mbale zikadali zotentha, zimene Nangozo anali asanazitsukenso. Mayi wina wachikulire atalandira mbale yake anaona mamba a nsomba atamatirira m'mphepete. Mwaulemu anapukuta ndi nsonga ya chitenje. Koma bamboyu anaona. Manyazi anamugwira, ndipo manyazi ake nthawi zonse ankatulukira pakamwa ngati ukali.

"Onani, abale, zimene ndimakhala nazo ine! Ndinamubweretsera makina a ku Joni, koma uve wa kwawo sanausiye. Mkazi wotani wolephera ngakhale kuika mbale?"

Pakamwa pomwepo pamene panali patangotuluka pemphero! Nangozo anamaliza kuthira tiyi, anatolera makapu, anaperekeza alendo mpaka pageti. Kutacha anamanga chikwama chake n'kupita ku Lunzu kwa mchimwene wake, amene analinso nkhoswe ya ukwati wawo. Uthenga unabwera wakuti Loweruka adzafika onse awiri kudzakamba nkhaniyi.

Bamboyu anatsala yekha, ndipo anati bola, tsopano makina apuma. Anaika mbale ndi manja ake odziwawo. Zinatuluka zonyansa kuposa kale. Anaikanso. Ulendo uno makina anangolira ngati njuchi, n'kuima. Atatsegula anapeza madzi akuda ali thaphwi pansi, osatuluka. M'nyumba munalibenso wina woti amukalipire. Galu yemwe anali atathawira kuseri.

Pamenepo ndi pamene anagwada. Anachotsa shelufu yapansi. Anakapa madzi ndi kapu, n'kumathira m'ndowa. Madzi atachepa, anapisa dzanja pansi n'kukhudza kanthu kozungulira ngati chivundikiro cha botolo. Anakapotoza, kanatembenuka, n'kukwera m'manja mwake. Inali sefa ija.

Abale anga, fungo lake silinali lamasewera. Sefa inali itamatidwa ndi phala lakuda la nsima yowola. Munali minga ya chambo, mitu ya usipa, njere za tomato, mafuta oundana. Ndipo pakati pa zonsezo munali timitengo ta machesi tambirimbiri. M'nyumba imeneyo munthu mmodzi yekha ndiye ankatokosa mano ndi machesi n'kusiya m'mbale. Anayang'ana timitengo tija, n'kukumbukira lamulo lake, n'kukumbukira mmene anakalipira mkazi wake pomupeza akupala mbale. Sipanafunikenso womuuza. Anadziwa kuti vuto lonse analiyambitsa ndi iye, ndipo mayi amene anamuyalutsa pagulu uja sanalakwe chilichonse.

Anagwira ntchito bwino ndithu, pamenepo tisamunamizire. Anatsuka sefa ndi mswachi wakale mpaka mabowo ake anaoneka. Anamasula timikono tija, n'kutokosa bowo lililonse ndi kawaya. Anachotsa munga umene unakola pakamwa pa pampu. Anabwezera zonse m'malo mwake, anapala mbale, anayatsa. Makina anatunga madzi, anazungulira, anakhetsa. Mbale zinatuluka zili mbee, matambula akuwala.

Tsopano panatsala chinthu chimodzi. Ndowa ya nyansi inali pamapazi ake, foni ili m'thumba. Mumtima munali mawu omuuza kuti nyamuka lero lomwe, pita ku Lunzu, kamuuze mkazi wako zimene wapeza. Anaitulutsa foni ija. Kenako anaganiza za nkhope ya mlamu wake. Anaganiza za anthu a mapemphero aja, kuti amva kuti bambo wa kutsogolo uja ndiye anali wolakwa. Anabweza foni m'thumba. Anatenga khasu, anakumba kuseri kwa nyumba m'mbali mwa mpanda, anakhuthuliramo ndowa yonse, n'kukwirira, n'kupondaponda. Anasamba m'manja ndi sopo wonunkhira mpaka fungo linatha.

Loweruka anafika, nkhoswe patsogolo, Nangozo pambuyo. Ndipo taonani, mayi uja anali atanyamula chikwama chake. Anabwera wokonzeka kutsala. Mchimwene wake anali atamunyengerera, iye n'kuvomera kuti akangomva mawu opepesa, nkhani yatha. Sankafuna nkhuku, sankafuna chitenje chatsopano. Ankafuna mawu basi.

Bamboyu sanadikire kuti akhale pansi. Anawatengera kukhitchini, anatsegula makina, anakweza tambula m'mwamba kuti aone kuwala kwake.

"Zayeradi, alamu," inatero nkhoswe. "Kodi vuto linali chiyani?"

Nyansi zinali m'nthaka kuseri kwa khoma lomwelo. Mawu oona anafika pakhosi. Iye anawameza.

"Ndi kaikidwe ka mbale ka mlongo wanuyu. Koma ndakonza, ndipo ndawakhululukira. Alowe."

Nangozo anamuyang'ana. "Zimene mumafuna kundiuza ndi zokhazo, bambo?"

"Nanga pali zinanso?"

Mayi uja anawerama, ananyamula chikwama chake. "Achimwene, tiyeni. Minibasi zingatithere."

Nkhoswe inayesa kulankhula, koma Nangozo anali atafika kale pageti. Sanabwererenso. Mpaka lero makina aja akugwira ntchito bwino, ndipo bamboyu amapala mbale yake asanaiike. Mbale imodzi, kapu imodzi, sipuni imodzi.

Abale anga, nkhaniyi imandipsetsa mtima, ndipo sindibisa. Bamboyu sanataye mkazi wake chifukwa cha umbuli. Kusadziwa sefa si tchimo. Ngakhale mawu oipa aja pagulu, mayi uja anali wokonzeka kuwakhululukira. Chimene chinapasula banja ndi dzenje lija kuseri kwa nyumba. Munthu anaona tchimo lake ndi maso, analigwira ndi manja, analinunkhiza, kenako anakalikwirira n'kubwera kudzakhululukira munthu wosalakwa. Kumeneko ndiye kuipa mtima!

Ndipo musayang'ane mnzanu wapambali. Tilipo ambiri muno amene timachita zomwezo. Unanamizira mnzako, choonadi chinatuluka, iwe unangosiya kukamba nkhaniyo. Unakalipira mkazi wako pa chinthu chimene unasokoneza wekha, utazindikira unangobwera ndi nyama madzulo. Unalalatira mpongozi wako, utaona kuti unalakwa unangoyamba kumupatsa moni mokweza. Ndiye ukuti walapa. Walapa kwa ndani? Munthu amene unamupaka matope akuyendabe ndi matope akowo, ndipo anthu amene unawauza bodza akulikhulupirirabe.

Ena mumati, ndinauza Mulungu kuchipinda, zinatha. Mulungu anamva, inde. Koma Mulungu yemweyo akukufunsa za munthu amene unamuvulaza. Kusintha khalidwe mobisa n'kwabwino, koma sikuchotsa mlandu pamutu pa wosalakwa. Kulapa kwenikweni kumatuluka pakamwa, kumapita kwa mwini wake, ndipo ngati unamunyoza pagulu, kumafika pagulu lomwelo. Kumawawa. Kumatsitsa munthu. Koma kulapa kosatsitsa munthu kulibe.

Bambo uja anatha kugwada pansi ponyowa chifukwa cha makina. Chifukwa cha mkazi amene anamuberekera ana, mawondo anauma. Musakhale ngati iye. Pali munthu amene akuyembekeza kumva kwa inu kuti ndinalakwa ndine. Mukumudziwa, dzina lake lakufikirani kale mumtima pamene ndikulankhula pano. Pitani mukamuuze lero, akadali pakhomo panu.