Chifukwa Chake Mkwatibwi wa kwa Chikuntha Amasinja Atavala Velo

Senderani kuno, ana inu, ndipo amene ali ndi chimfine akamine kaye, nkhani yanga sifuna phokoso la mphuno. Dzulo munaona mkwatibwi atagwira munsi, diresi loyera mbuu, velo lili kumutu, akusinja chimanga pamaso pa anthu pamene chigayo chili pamsewu pompa. Ndinakumvani mukuseka. Mwambo umenewo mwini wake ndine, Sandifolo Mbewe, mkulu wa okumba manda kuno kwa Chikuntha, munthu amene ndakumba maenje ochuluka kuposa nyumba za mu Lilongwe. Sukulu sindinaipondepo, koma zimene zili m'mutu muno mutazilemba, mapepala angathe m'dziko muno.

Kalelo, ine ndili mnyamata woti ndikayetsemula mbuzi zinkathawira tsidya la Bua, dzina la mkazi silinkasuntha. Wobadwa Nambewe ankafa ali Nambewe. Mwamuna ndiye ankanyamula kamphasa kake kudzakhala chikamwini, ndipo akatopetsa ankanyamulanso kamphasa komweko n'kubwerera kwawo, ana n'kutsala pamudzi pa amayi awo. Nyumba iliyonse inali ndi nyimbo yake ya pamtondo, ndipo nyimboyo inali maina okhaokha: uyu anabala uyu, uyu anabala uyu. Mtsikana akabereka mwana wamkazi ankawonjezera dzina kumapeto. Ine khutu langali linkamva munsi kuseri kwa mapiri atatu n'kudziwa kuti akusinjayo ndi mwana wa yani, ndiponso ngati wadya kapena sanadye.

Kenaka kunabwera mabuku. Buku la kutchalitchi linati mkazi atenge dzina la mwamuna. Buku la kusukulu linati mwana alembedwe dzina la amene wabwera naye tsiku limenelo, kaya ndi bambo womubala, kaya womupeza, kaya malume. Pomalizira chinabwera chigayo, mitondo n'kusanduka mipando ya nkhuku.

Masiku amenewo mlongo wanga wamkulu, Velenasi, anakopeka ndi telala wina dzina lake Jekapu, amene anadzaika makina ake pakhonde la sitolo. Jekapu anakana chikamwini. Anati mkazi amutenga, apite naye ku Thyolo kuminda ya tiyi. Amayi analira, koma Velenasi anangoseka.

"Amayi, dzina si khasu loti lingagwe panjira," anatero. "Ndikapita ndili Nambewe, ndidzabwera ndili Nambewe."

Makalata anabwera awiri, lachitatu silinafike. Patapita zaka zisanu ndinanyamuka wapansi kukamufuna. Ena amati ulendo wa ku Thyolo ndi wa milungu iwiri, ine ndinayenda masiku atatu, tsiku limodzi ndinachedwa ndi kuthandiza lole imene inatitimira m'matope. Ndinafunsa mzere uliwonse wa nyumba za antchito: "Nambewe, mkazi wa Jekapu telala?" Kalaliki anatsegula buku lalikulu ngati chitseko, n'kunena kuti Nambewe mulibe, Jekapu mulibe. Tinadzamva patapita zaka zambiri, litadutsa kale tsiku limene ndikuuzeni posachedwapa, kuti Jekapu kumeneko analembetsa dzina la malume ake, Namalomba, ndipo mlongo wanga anali Mayi Namalomba. Mwina ndinadutsa pakhomo pake penipeni. Ndinabwerako chimanjamanja, ndipo amayi anamwalira maso ali kumsewu.

Zaka zinapita makumi asanu ndi mphambu. Tsiku lina m'mwezi wa Okutobala, dzuwa loti nkhuku zinkaikira mazira owiritsa kale, inaima galimoto pansi pa mkuyu wa polowera m'mudzi. Kumbuyo kwake kunali bokosi la maliro. Anatsika mayi wa magalasi, chitenje chomangidwa mosazolowera, chikwama cha mapepala m'manja. Popeza nkhani inali ya manda, anthu anaitana ine.

"Agogo, dzina langa ndine Edina Makwinja-Phiri," anatero atagwada. "M'bokosimo muli mayi anga. Asanatsirizike anandigwira dzanja n'kunena kuti ndidzawaike kwa Chikuntha, kwawo kwa amayi awo. Chonde tipatseni malo."

"Maina awiri munthu mmodzi?" ndinafunsa. "Winayo watsala m'galimoto?"

"Limodzi ndi la bambo anga, lina la amuna anga. Ndinalumikiza."

"Chabwino, mayi wolumikiza. Nanga malemuwa ndi a nyumba iti pamudzi pano?"

Anatulutsa mapepala anayi n'kuyamba kuwerenga. La ubatizo linati Lustiya Namalomba. La kusukulu linati Lustiya Kaliwo, chifukwa amayi ake anamwalira iye ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi, bambo akenso n'kutsatira, ndipo mayi womupeza anakwatiwa ndi a Kaliwo. La ukwati woyamba linati Mayi Makwinja. Chitupa chomalizira chinati Mayi Chikopa. Edina anati wayenda m'maofesi chaka chathunthu mayi ake akudwala, kufunafuna dzina la agogo ake aakazi, ndipo paliponse ankangopeza kuti Mayi Namalomba, basi, ngati munthuyo anabadwa tsiku la ukwati wake.

Ndinawerenga maina anayiwo pa zala zanga. Panalibe ngakhale limodzi la kuno. Ndipo mudziwe, ana inu, manda a kwa Chikuntha si malo ogona alendo. Aliyense amagona pafupi ndi amayi ake, mzere ndi mzere. Mlendo ndikanamugoneka pambali pa yani?

"Pepani mayi," ndinatero. "Midzi ya Chikuntha ilipo ingapo. Khasu langa silikumbira munthu amene sindikudziwa bere limene anayamwa."

Woyendetsa galimoto anati dzuwa likapendeka iye abwerera, chifukwa ndi kutentha kumeneko maliro sakanadikira. Akanakaikidwa kumanda a m'tauni, pakati pa anthu osawadziwa. Edina sanakangane nane. Anakhala pansi pafumbi, n'kutsamira tayala la galimoto, mapepala ali pamiyendo.

Apo n'kuti mlongo wanga wamng'ono, Alinesi, amene mumamutcha agogo a pachitsime, atafika. Pakamwa pake mumapadziwa.

"Achimwene, mwakula ndi ndevu zokha kodi? Manda mwakaniza, chabwino, ndi anu, mudzagonamo nokha. Koma anamfedwa achoke pamudzi pano ndi njala?"

"Ndani wanena za njala? Ine ndinadyetsapo ukwati wathunthu ndi dzungu limodzi."

"Khalani chete, dzungulo linali langa."

Tsiku limenelo magetsi anali atazima, chigayo chili duu. Alinesi anathamangitsa nkhuku pamtondo wakale wa amayi, anautsuka, nauimika pansi pa mkuyu pomwepo kuti akonole chimanga. Anagwira munsi. Gu! Gu! Gu! Sanaimbe, pamaliro sayamba nyimbo mwachisawawa.

Koma ndinaona mutu wa Edina ukudzuka pang'onopang'ono. Dzanja lake linayamba kumenya bondo motsatira munsi. Kenaka, ndi mawu aang'ono, maso ali pabokosi, anayamba kuimba.

"Msatida anabala yani? Anabala Nyozani.
Nyozani anabala yani? Anabala Tionenji."

Munsi unaima m'mwamba. Ine ndinamva ngati njati yandigunda pachifuwa, ndipo njati inandigundapo, ndikudziwa mmene zimamvekera. Tionenji anali amayi anga.

"Mayi, nyimbo imeneyo mwaitenga kuti?" anafunsa Alinesi.

"Ndi kanyimbo kogonetsera ana," anatero Edina. "Mayi ankaimba pochapa ndi pondigoneka. Ankati ndi chinthu chokha chimene amayi awo anawasiyira. Ine ndinkayesa ndi mawu ongopeka."

"Pitirizani," ndinatero.

"Tionenji anabala yani? Anabala Velenasi.
Velenasi anabala yani? Anabala Lustiya.
Lustiya anabala yani? Anabala Edina."

Alinesi anaponya munsi pansi n'kulira maliro amene anawasunga zaka makumi asanu. Kulira kwake kunamveka mpaka ku Mchinji, afunseni a kumeneko. Ine sindinalire, fumbi lokha ndi limene linandilowa m'maso onse awiri. Mlongo wanga anapita ndi dzina, mabuku anamulanda, koma kuminda ya tiyi kuja ankasinjabe, ndipo anaika mwana wake kumapeto kwa nyimbo monga mwa mwambo. Mwanayonso, wamasiye wa zaka zisanu ndi chimodzi, anaigwira osaitaya, n'kudzaikapo wake.

Ndinapita kwa Edina, ndinamudzutsa pafumbi paja.

"Iwe si mlendo. Agogo ako ndinagona nawo mimba imodzi. Mapepala akowo sunga, ukakulungire usipa."

Anaseka akulira. "Agogo, chaka chathunthu m'maofesi, osadziwa kuti buku ndinali nalo pakamwa!"

Ndinanyamula khasu. Nthaka ya Okutobala ndi mwala, anyamata khumi amatha tsiku lonse, koma ine manda a Lustiya ndinakumba ndekha madzi a mphale asanawire. Anzanga amati anandithandiza, ankangochotsa dothi. Tinamugoneka pafupi ndi Tionenji, pamalo amene ndinasungira Velenasi zaka zonsezo, osalola munthu kukhudzapo.

Pa tsiku lometa, mbumba yonse itasonkhana, ndinaimirira. Ndinati ana athu akukwatiwa kutali, ena akutenga maina a amuna, ena akukana, ena akulumikiza awiri, ana awo akulembedwa maina atatu m'masukulu atatu. Zimenezo sitingaziletse, ndi dziko lawo. Koma adzukulu a adzukulu athu akadzabwera kudzafuna kwawo, adzafunsa buku liti? Choncho mtsikana aliyense wa pano, asanakwere galimoto ya ukwati, agwire munsi, aimbe amayi ake onse mokweza, mwamuna wake ndi abale ake akumva. Akalakwitsa dzina limodzi, ayambirenso. Alinesi amati maganizo amenewo anali ake. Msiyeni, wakalamba.

Ndi chifukwa chake lero mkwatibwi wa kwa Chikuntha amasinja atavala velo, chigayo chili pamsewu pompa. Akasainire dzina lililonse limene akufuna kutchalitchi ndi kwa boma, koma achoke pano atanyamula amayi ake pakamwa. Edina amabwera chaka ndi chaka, ndipo mwana wake wamkazi, wobadwira kunja kwa dziko, woti Chichewa chake chimapunduka miyendo yonse, nyimboyo amaiimba osaphonya.

Tsono iwe Dalitso, unaseka kwambiri dzulo, tandiuza: amayi a agogo ako anali yani? Wangoti kukamwa yasa? Dzuka, thamanga, agogo akowo ali pakhonde apo akusenda nandolo. Ukawafunse lero, khasu langa lisanawafike.