Mutu Umene Unasowa Woumeta

Kalekale, mudzi wa Kanyenyeva usanasamukire kumsewu, kunali anyamata awiri, Malunga ndi Kadzamira. Tili tonse? Sunthirani kuno, mawu anga safikanso patali masiku ano.

Awiriwa ankaweta mbuzi limodzi, ankakumba mbewa limodzi, ankakwapulidwa limodzi. Lumo lawo linali limodzi. Tsitsi likakula, Malunga ankakhala pansi pakati pa mawondo a Kadzamira n'kumetedwa, akatha ankasinthana.

"Mutu wakowu ngati dzungu lomera pamwala," ankatero Kadzamira.

"Meta iwe, pakamwa ngati chule."

Atakula, Malunga anatsagana ndi amalonda a mchere. Anakhalitsa kutaliko, moti ana amene anawasiya ali kumsana anawapeza ali ndi ana awoawo. Anabwera ndi nsalu, anabwera ndi mikanda, anabwera ndi mpando woyedzamira umene m'mudzimo munalibe anauonapo. Chaka chomwecho mvula inakana. Malunga anasinthanitsa nsalu zake ndi chimanga kuseri kwa phiri, nadyetsa mudzi wonse. Sanafe munthu ndi mmodzi yemwe.

Kuyambira pamenepo anthu anayamba kumulemekeza, ndipo ulemuwo unkakula ngati chulu. Poyamba ankangowomba m'manja podutsa pakhomo pake. Kenaka anayamba kugwada. Kenaka anagwirizana kuti mutu wa munthu usamapitirire mutu wa Malunga: akakhala pampando, onse pansi, akaimirira, onse awerame. Anamumangira mpanda wa bango kuti fumbi la m'njira lisamamufike. Chakudya ankatula pachipata, kuwomba m'manja, n'kubwerera chafutambuyo.

Malunga zinamukomera. Tisabise, zinamukomera.

Tsiku lina ali ndi alendo, Kadzamira anatulukira pachipata, lumo lili m'manja, nsanza zili m'chiuno.

"Malunga! Tuluka, dzungu lamera udzu!"

Alendo anayang'anana. Malunga anayang'ana alendo, anayang'ana nsanza za mnzake, anayang'ana pansi.

"Kadzamira," anatero, "pano pali anthu. Uziwomba m'manja ngati anzako."

Kadzamira anabweza lumo m'thumba, nawomba m'manja pang'onopang'ono, n'kutembenuka. Pasanapite nthawi anasamutsira kanyumba kake kumapeto kwa mudzi, kudambo.

Anatsala munthu mmodzi wogwira mutu wa Malunga: mkazi wake, Nankhoma. Ankamumetera m'nyumba, chitseko chili chotseka. Ndiye yekha ankamuseka. Ndiye yekha ankamuuza kuti amaliza mkonono. Ndiye yekha ankamuyang'ana m'maso.

Ndiye Nankhoma anadwala, namwalira.

Maliro ake anali aakulu, anthu anachokera midzi yonse. Koma inu mukudziwa mmene timakhalira pamaliro: wofedwa amakhala pamphasa, anzake n'kumupanikiza uku ndi uku, phewa paphewa. Malunga anamukhazika pampando wake pakati pa bwalo, anthu n'kukhala patali chapansipansi. Pakati pa iye ndi iwo panali dothi lokhalokha, nkhuku zikudutsapo.

Linafika tsiku lometa. Masiku amenewo wofedwa sankatuluka m'maliro asanametedwe. Tsitsi likagwa pansi, ndiye kuti wamasuka: angathe kupita kumowa, kugule, kudima. Sankadzimeta yekha, pankafunika dzanja la munthu wina. Abale onse a Nankhoma anametedwa. Anatsala Malunga.

Anaitana Mbalule, mwana wa mlongo wake.

"Mbalule, ndimete."

"Amalume, ine ndiimirire pamwamba panu? Anthu andiona bwanji?"

Anaitana a Chisale, nkhalamba imene inameta ofedwa onse a m'mudzimo.

"A Chisale, ndimeteni."

"Wamkulu, manja angawa agwira mitu ya anthu wamba. Mutu umene unadyetsa mudzi sindingaupinde."

Tsiku lina anaona mlendo wapaulendo akupempha madzi, namuitana.

"Bambo, mungandimete?"

"Palibe chovuta, achimwene, weramani."

Mlendo uja atangonyowetsa tsitsi, wina anakwawa n'kumunong'oneza kuti mutuwo ndi wa yani. Lumo linagwa pansi. Mlendo anathawa osamwa ndi madzi omwe.

Tsitsi linakula. Linaphimba makutu, linafika m'khosi, linayamba kupotana. Mowa ukapsa, Malunga ankamva phokoso lake ali mumpanda. Ng'oma zikalira, ankazimva ali mumpanda. Anthu akamaseka panjira, akafika pachipata chake kuseka kunkazima, n'kukayambiranso patsogolo. Ankakhala pampando kuyang'ana mtsuko wa Nankhoma, umene unali pamalo pomwe mwini wake anausiya. Misozi sinkatuluka. Inangouma m'chifuwa ngati thope la m'chilimwe.

M'mawa wina anadzuka n'kulunjika kudambo. Onse amene anakumana naye anawerama, choncho palibe anaona kumene ankapita.

Anapeza Kadzamira akuluka nkhokwe, maso atachita khungu.

"Odi."

Kadzamira anawazindikira mawuwo. Anasiya nsungwi, nawomba m'manja pang'onopang'ono monga tsiku lija.

"Takulandirani, wamkulu. Mpando ndilibe."

"Kadzamira, ndimete."

"Anthu onse aja atha?"

"Alipo."

"Nanga ine ndingafikire bwanji pamwamba ponsepo?"

Malunga anakhala pansi pafumbi, nasunthira chammbuyo mpaka msana wake unagunda mawondo a mnzake.

Kenaka anamva dzanja likufufuza m'tsitsi, likugwira khutu, likupinda mutu mwamphamvu ngati wa mbuzi.

"Dzungu lomwe lija," anatero Kadzamira. "Langokalamba."

Pamenepo Malunga analira. Analira ngati mwana, analira mpaka mamina, analira maliro onse amene anawasunga pampando paja. Kadzamira sanamutonthoze, ankangometa.

"Nankhoma ankanditumizira mtedza iwe osadziwa," anatero. "Ankati, 'Mnzanu uja si woipa, wangokwera mumtengo wopanda potsikira.'"

"Anatero?"

"Khala bwino iwe, ndingakudule khutu."

Anakamba za Nankhoma mpaka dzuwa linafika pamutu. Koma manja anali okalamba, lumo linali lobuntha. Linamucheka pamphumi, linamucheka paliwombo, linamucheka kuseri kwa khutu. Malunga sanamve n'kuwawa komwe. Anabwerera kwawo mutu uli mbee, mtima utapepuka.

Panjira mayi wina anaona madontho a magazi pansalu yake, nakuwa. Anthu anathamangira.

"Ndani watema wamkulu?"

"Palibe wanditema. Wandimeta Kadzamira."

"Kadzamira? Wansanza uja? Wagwira mutu umenewu?"

Anatenga zibonga n'kuthamangira kudambo. Malunga anawatsatira akufuula: "Musiyeni! Ndinamupempha ndine! Musiyeni!"

"Mwamva kukoma mtima kwake?" anthu anauzana. "Akukhululukira ngakhale womukhetsa magazi! Munthu wotere tingalole kuti anyozeke?"

Ndipo anawonjezera liwiro. Anagwetsa kanyumba kaja, napirikitsira nkhalamba ija kutsidya la mtsinje. Pobwerera anagwada pamaso pa Malunga, nati, "Wamkulu, takuchotserani manyazi."

Kutacha, Malunga anavula nsalu zake zabwino, namanga kansalu kamodzi m'chiuno. Anatuluka pachipata, mutu uli ndi zipsera. Panjira anakumana ndi amayi atasenza chakudya chake.

"Tapatukani agogo inu," anatero mmodzi, "tikupita kwa wamkulu."

Malunga anapatuka. Zaka zonsezo anthu ankaona mapazi ake okha. Nkhope anali ataiiwala.

Anapita pabwinja la mnzake, natola lumo m'fumbi, nawoloka mtsinje.

Kumudzi ulemu unapitirira. Ankatula chakudya pachipata, ankawomba m'manja, ankabwerera chafutambuyo. Agalu ankadya. Anthu akapeza mbale zili mbee ankati, "Wamkulu akudya bwino masiku ano." Zinakhala choncho mpaka mphepo ya mvula yoyamba inagwetsa mpanda. Anapeza mpando uli wokha, chiswe chitadya miyendo, nkhuku itaikirapo mazira.

Kaya Malunga anamupeza Kadzamira, sindikudziwa. Amalonda ena ankati anaona nkhalamba ziwiri pansi pa mkuyu, ina ikumeta inzake. Ena ankati ayi, inali imodzi, itakhala m'mbali mwa njira, lumo lili m'manja, ikuyang'anitsitsa aliyense wodutsa. Ine ndimakonda kukhulupirira oyambawo. Tsitsi langa la maliro linagwera kudziko la eni, pamsika, m'manja mwa wometa amene sanadziwe n'dzina lomwe la malemu mkazi wanga, mayi anu aakulu.

Phunziro lake ndi ili, ana anga. Munthu mukamukweza, musamukweze mpaka dzanja lanu kulephera kumufika, chifukwa posakhalitsa mudzakhala mukugwadira mpando. Ndipo iwe amene wakwezedwa, amene amakuseka ndi kukugwira mutu usamuuze kuti awombe m'manja.

Nthano yanga yathera pamenepa. Amene anakwirira mbatata m'phulusa akafukule, ingapserere.