Tochi Yanga ya ku Joni ndi Ng'ombe za Malowolo

Ndayenda ine. Ndinakumba golide pansi pa nthaka ku Joni, ndinagona pasiteshoni ya ku Bulawayo nditatsamira sutikesi, ndinafika ndi lole mpaka kudoko la Dalesalamu. Lero mukatsika basi pa Karonga Boma n'kufunsa za Patson wa malole atatu ndi chigayo, ngakhale mbuzi ikulozerani njira. Koma chimene ndimanyadira kuposa zonsezi n'china. Mundisiye pakati pa tchire usiku wopanda mwezi, mundipatse katochi ka mabatire otsala pang'ono kufa, ndikafika kumene ndikupita osapunthwa chala n'chimodzi chomwe. Luso limeneli sindinabadwe nalo. Ndinaliphunzira mu 1977, usiku umene ndinatsala pang'ono kutaya mkazi.

Nthawi imeneyo n'kuti nditangotsegula kagolosale ku Boma ndi ndalama zanga za kumigodi. Mtima wanga unagwa pa Towera, mwana wa a Kenan a ku Lupembe, amene ankabwera kudzagulitsa mpunga pamsika. Kwathu ku Thyolo mwamuna amakamanga nyumba kuchikamwini n'kugwira khasu, basi ukwati watheka. Kuno ayi. A Kenan anagamula kuti malowolo ndi ng'ombe zisanu ndi imodzi, mwa izo mukhale yaikazi ya bere, ndipo zilowe m'khola mwawo Loweruka m'mawa abale onse akuona. Ikaperewera imodzi, zonse zibwerere kumene zachokera. Akuluwa sankandifuna kwenikweni. Diso lawo linali pa mphunzitsi wina wa komweko, dzina lake Reginald, wodziwa chilankhulo ndi mwambo, amene ankangodikira kuti mlendo wa kum'mwera aterereke.

Popeza ndinalibe m'bale kuno, ndinapempha a Manase kuti akhale thenga wanga, munthu wondilankhulira kwa akuchikazi ndi wokapereka ng'ombezo. Anali bambo wa zaka ngati makumi asanu, woonda ngati bango, amene moyo wawo wonse ankayendetsa ng'ombe za anthu kuchoka mudzi uwu kupita mudzi uwo. Ng'ombe tinakagula ku Vinthukutu, ndipo golosale yanga inatsala mashelefu okhaokha.

"Tsopano inu kwerani basi muzikadikira ku Boma," anatero a Manase. "Mkamwini sayenda ndi ng'ombe zake. Imeneyo ndi ntchito ya thenga."

"Thukuta langa la zaka zisanu ndi chimodzi liziyenda m'tchire ine ndili pabasi? Iyayi, madala. Kumudziko ndikaima patali, koma panjira tili limodzi."

Anangopukusa mutu. Unali mwezi wa Okutobala, dzuwa la ku Karonga lija limene limasungunula ndi phula lam'khutu lomwe. Lachinayi tinayenda madzulo okha n'kugona kwa mnzawo. Lachisanu tinausa pamthunzi mpaka dzuwa litapendeka, kenaka tinanyamuka kuti tiyende usiku wonse, tikafike ku Lupembe m'bandakucha. Makhadi a chipani anali m'matumba, kalata yoyendera ng'ombe ilinso momwemo. Ng'ombe yotsogolera a Manase anaimangirira kabelu m'khosi.

Mdima utagwa ndinasolola chuma changa m'chikwama: tochi ya ku Joni, yaitali ngati mkono, yodya mabatire asanu ndi limodzi. Ukaiyatsa pa Boma, agalu a kutsidya kwa mtsinje wa Rukuru ankauwa. A Manase nawo anatulutsa kawo, kakang'ono, ka mabatire awiri amene ankawayanika padzuwa kuti atsitsimuke. Ngati kuti kufooka kumeneko sikunakwane, pagalasi anakulungapo kansanza kofiira n'kumanga ndi mphira.

Ndinaseka mpaka ng'ombe zinatembenuka. "Kachiphaniphani kanuko n'kounikira chiyani, madala? Nsabwe?"

"Kamaunikira phazi, a ku Joni. Phazi likaponda bwino, zinazo maso adzionera okha. Chinyali chanucho chibwezeni m'chikwama. Ng'ombe si mwala wa mumgodi."

Ndinavomera pakamwa pokha. Iwo ali kutsogolo, ine kumbuyo ndinkati ndikayendayenda n'kuyatsa pang'ono, mwina kuona wotchi, mwina kuona chitsa. Ndikazimitsa, mdima unkabwerera wowirikiza, wakuda bii, ndipo ndinkapunthwa kuposa poyamba. Ine n'kumati vuto ndi kuchepa kwa kuwala. Sindinaganize n'komwe kuti maso anga ndikuwapha ndekha.

Chapakati pa usiku tinafika padambo lalikulu la mabango, m'mphepete mwa minda ya mpunga, pamene pali ngalande zosaphwa madzi ngakhale m'chilimwe. Mwadzidzidzi kumanzere kunamveka tswatswatswa. Mutu wanga unati akuba, mimba yanga inati fisi. Ndinathamangira kutsogolo n'kutsegula dzuwa langa lonse.

Wopalamula anali gwape, amene anadumpha kamodzi n'kuzimirira. Koma kuwala kuja kunamenya ng'ombe yotsogolera pakati pa maso. Inaima njii, kenaka inapotoloka ngati yalumidwa ndi mavu, n'kugunda zinzake. Kuphethira kamodzi, ng'ombe zisanu ndi imodzi zinali zitamwazikira mbali zisanu ndi imodzi.

"Zimitsani! Zimitsani, dada!" anakuwa a Manase.

Ndizimitse tochi ng'ombe zanga zikuthawa? Ndinaliyatsa liwiro kulowa m'mabango tochi ili m'manja. Ndikaiona ng'ombe n'kuiunika, inkathobwa m'maso n'kuthawira kutali. Ndikatembenukira ina, chimodzimodzi. Ndinkaona bwinobwino kabwalo kamene kuwala kwagwera, koma kunja kwa kabwaloko dziko lonse linali khoma. Ndinazungulira choncho kwa nthawi yaitali, ndikubalalitsa ng'ombe zanga ndi manja anga, mpaka phazi linaponda pamene panalibe nthaka. Khuvuu, m'ngalande! Tochi inamenya mwala, babu n'kuthetheka. Nditavuuka sindinkaona ngakhale chikhatho changa.

Ine amene sindinalire tsiku limene mwala unatitsekera mumgodi, usiku umenewo ndinalira. Ndinkachita kumuona Reginald atavala tayi, akulowa m'tchalitchi ndi Towera.

Patapita kanthawi kadontho kofiira kanatulukira m'mabango, kakuyenda pansipansi.

"Ndakupezani ndi matukwano anu a ku Joni," anatero a Manase akundikoka dzanja. "Mwathyoka?"

"Ayi. Tiyeni, madala, tithamange!"

"Yayi. Khalani pasi."

"Tikhale pansi ng'ombe zikupita ku Tanzania?"

"Ng'ombe ukamaithamangitsa imathawa. Ukaisiya imaima n'kuyamba kudya. Mwazithamangitsa mokwanira. Khalani, mutsinzine."

Anazimitsanso ndi kachiphaniphani kawo komwe. Tinakhala pachulu, udzudzu ukundidya ngati wandilipirira. Mtima unkangoti dzuka, dzuka, koma miyendo inali itatheratu. Sindidziwa kuti panapita nthawi yotani, mwina theka la ola. Atanena kuti nditsegule maso, ndinadabwa. Mdima uja sunali umodzi ayi. Kumwamba kunali kotuwa ndi nyenyezi. Mapiri a kumadzulo anali atadzilemba mzere wakuda. Mabango ankaoneka, njira ya mchenga inkayera, madzi a m'ngalande ankanyezimira. Makutu nawo anatseguka. Kuseri kwa phokoso la achule kunkamveka kabelu, ngili, ngili, kutali ndithu koma kosathamanga.

"Mwamva? Ikudya imeneyo," ananong'ona a Manase. "Mapazi anu aziponda pamene paponda anga."

Anayatsa katochi kaja atakalozetsa pansi, n'kuphimbanso ndi zala, kuti kangoonetsa minga, dzenje kapena njoka pamene phazi likupita. Kuwala kwake kunali kochepa moti sikunkalanda maso chimene anali atazolowera. Tinkaona pansi, tinkaonanso patali. Iwo ankaimba kamluzu kapansipansi n'kumalankhula ndi ng'ombe m'Chitumbuka ngati akunyengerera mwana. Ya belu tinaipeza, ndipo ziwiri zinali nayo pafupi. Yachinayi inabwera yokha itamva belu. Yachisanu tinaimva ikubzikula kuseri kwa chitsamba.

Zinakwana zisanu. Yosowa inali ya bere ija, imene a Kenan anachita kuitchula. Kumudzi wina tambala woyamba analira.

"Ine ndilowere uku, inu uko," ndinatero nditayamba kale kuyenda.

Anandigwira malaya. "Mwayambanso? Ya bere siithamanga mtunda wautali. Ili pafupi, ndipo ngati ili chete ndiye kuti ili pamavuto."

Tinatsata ngalande pang'onopang'ono. Tikayenda mapazi khumi ankaima, n'kukweza katochi kaja pang'ono, n'kukayendetsa pamwamba pa madzi ngati munthu wopaka mafuta pachilonda. Kachisanu ndi chiwiri ndinaona timadontho tiwiri tikunyezimira, koma pansi kwambiri, pamene sipayenera kukhala maso a ng'ombe yoimirira. Inali itatitimira m'thope mpaka m'mimba. Kutsogolo kwake, mkono umodzi wokha, kunali madzi akuya.

"Chinyali chija chikanakhala chamoyo, bwenzi pano tikukamba za nyama," anatero a Manase. "Ikanadzidzimuka n'kudziponya mmenemo."

Anaiyandikira akuisisita ndi mawu, ndipo sinaphiriphithe n'komwe. Tinathyola mabango mitolomitolo n'kuyala pathope. Pamene mabango anaperewera ndinavula jekete yanga ya ku Joni, ya mabatani agolide, n'kuiyala pansi pa miyendo yake yakutsogolo. Chingwe m'nyanga, iwo kukoka, ine kukankha kumbuyo thope lili m'khosi. Kum'mawa kutayamba kufiira, ng'ombe inati fwuu, n'kutuluka. Jekete ili komweko mpaka lero.

Tinafika ku Lupembe dzuwa litakwera kale. Ine ndinatsala pansi pa mtengo wa mango kunja kwa mudzi, monga mwa mwambo, komanso chifukwa munthu wooneka ngati wafukulidwa m'manda sangaonekere kwa apongozi. A Manase anasamba kumaso pachitsime, anakonza kolala, n'kulowa ndi ng'ombe. Ndinadikira. Ndinkamva mawu a amuna akukwera n'kutsika m'chilankhulo chimene ndinali ndisanachigwire. Kenaka kunati zii, nthawi yaitali moti ndinayamba kuganiza za mtengo wa basi yobwerera ku Thyolo. Ndiye mayi wina anaimba nthungululu. Wachiwiri analandira, wachitatu, mpaka mudzi wonse unasweka. Ndinakumbatira mtengo wa mango uja n'kuupsompsona.

Chamasana a Manase anabwera akutokosa m'mano.

"Apongozi anu aizungulira katatu ya bere ija, aisinika pamimba, mwana wagunda. Ndiye afunsa kuti thope lonseli n'lachiyani."

"Mwati chiyani?"

"Ndati inatitimira, ndipo mkamwini wanu anagona m'thope mpaka m'khosi kuti mwana wa ng'ombe asafe. Akuti munthu wotere angathe kusunga mwana wa munthu."

"Nanga za tochi?"

"Thenga sanena zonse, a ku Joni."

Tsiku limenelo ndinalibe chowapatsa choposa zikomo. Koma zaka zisanu ndi zitatu zitadutsa, nditagula lole yanga yoyamba, katundu woyamba kukwera mmenemo sanali mpunga kapena simenti. Ine ndi Towera tinakatsitsa pakhola la a Manase ng'ombe zitatu zazikazi, zonse za bere. Anaziyang'ana, anandiyang'ana, n'kuvula chipewa.

"Yewo chomene, dada. Koma zachuluka."

"Sizinachuluke, madala. Imodzi ndi ya mkazi, imodzi ndi ya pakamwa panu posanena zonse. Yachitatu ndi ya theka la ola lija munandikhazika pachulu."

Pa zitatuzo, imene ndinapereka ndi mtima wonse ndi yachitatuyo. Ine ndinkayesa kuti woona kwambiri ndi amene wanyamula kuwala kwakukulu, pamene ng'ombe zanga zinapezeka ndi munthu wodziwa kukhala pansi mpaka maso atazolowera mdima. Akuluakulu sananame: kuona maso a nkhono n'kudekha.