Chitseko Chimene Ndaziona Anakanda

Inu ana amene mukuwerenga, mwina munamvapo akulu akunena kuti galu wamkota sakandira pachabe. Alipo ophunzira ena amene anandiuza kuti mwambi umenewu ulibe mwini ndiponso ulibe kwawo. Iwo anene zawo. Ine ndikulemba za tsiku limene ndinaumva ukutuluka koyamba m'kamwa mwa munthu, m'nyumba ya amayi anga ku Bembeke, mlongo wanga Yotamu atangobwera kumene kuchokera ku Joni.

Amayi anga, a Nankhoma, anali ndi galu wamkazi dzina lake Ndaziona. Anali atakhala pakhomo pathu zaka khumi ndi chimodzi. Kukamwa kwake kunali kutachita imvi, khutu limodzi linali long'ambika, ndipo podzuka ankayamba waimika miyendo yakutsogolo n'kupumira kaye. Pa ana amene anaswa komaliza panatsala kamodzi, kagalu ka miyezi inayi kotchedwa Kamphepo, kamene kanali kasanaphunzire mwambo uliwonse.

Pakhomo pathu mwambo wa agalu unalipo, ndipo unali wolimba. Lamulo la amayi linali lakuti chakudya sichigona pansi. Ufa unkakhala m'chidebe chotseka pamwamba pa tebulo, nyama yowamba inkapachikidwa kudenga, ndiwo zotsala ankazivundikira n'kusanjikapo mwala. Agalu ankadya anthu akatha kudya, m'phale lawo kuseri kwa nkhokwe, ndipo mwana woponyera galu mbamu pa nthawi ya chakudya ankachoka pamphasa wosakhuta. Amayi ankati galu sabadwa wakuba, limamuphunzitsa ndi dzanja la mwini wake. Ndaziona anakulira m'manja amenewo. Munkatha kusiya mlamba wouma pakhonde n'kupita kudimba, pobwera n'kuupeza uli pomwepo, iye atagona chapafupi akuthamangitsa nkhuku. Ndipo pakhomo lolowera m'nyumba sanapondepo phazi chibadwire.

Yotamu anafika Lolemba atatha zaka zisanu kuulendo, atasenza chikwama chachikulu cha mizeremizere. Kwathu katundu wa munthu wochokera kutali samasulidwa mpaka mwinimbumba afike, aikepo dzanja, ndi kugawira abale mwa ukulu wawo. Atsibweni athu, a Kachingwe, anali kumaliro ku Ntcheu, choncho chikwamacho chinaikidwa pansi m'kachipinda ka alendo kuti chiwadikire. Amayi anafunsa ngati munali chodyedwa. Yotamu anayankha kuti zonse zinali zomata bwino m'mapepala a Azungu, moti ngakhale nyerere sikanamva fungo. Anakhoma kachipindako, kiyi n'kumumangirira palamba. Amayi sanakondwe, koma mwambo wa mbumba unali waukulu kuposa lamulo la kukhitchini.

Chimene Yotamu sanathe kuchipirira chinali Ndaziona. Ankati ku Joni agalu ndi otalika ngati ana a ng'ombe, ndipo chigalu chothothoka ubweya chotere chinkamuchititsa manyazi pamaso pa anzake obwera kudzamulonjera. Anati achitengere kuphiri akachimangirire kumeneko, iye adzabweretsa galu weniweni.

"Iwenso ukadzachita imvi tidzakumangirire kuphiri?" amayi anamufunsa.

"Ine ndimagwira ntchito, amayi. Icho chimangodya."

"Ukugwira ntchito lero. Ndakuona ukutembenuza mpando kutsata dzuwa kuyambira m'mawa."

Anagwirizana zoti nkhaniyo idikire atsibweni. Koma tonse tinkadziwa kumene ikagwere, chifukwa a Kachingwe anali atataya mbuzi zinayi kwa agalu a m'mudzi mwawo, ndipo kuyambira pamenepo galu aliyense anali mdani wawo. Chinkangofunika chinali cholakwa chimodzi cha Ndaziona, ndipo ulendo wa kuphiri ukanakhala wosabwezeka.

Lachitatu m'mawa Yotamu anatsegula kachipindako kuti atenge nsapato zake zosongoka. Anakhala pakhonde akuzipukuta nthawi yaitali, chitseko chili chosatseka, kenaka anakhoma n'kupita kukasewera bawo kugolosale. Dzuwa litatsala pang'ono kufika pamutu, ine ndikupeta chimanga pabwalo, ndinaona chimene sindinachionepo. Ndaziona anakwera khonde, analowa m'nyumba, n'kuyamba kukanda chitseko cha kachipinda kaja. Ndinamuthamangitsa. Anatuluka, anazungulira nyumba, n'kulowanso. Ankakanda pansi pa chitseko ndi miyendo yonse iwiri, akulira kulira kwapakhosi, mpaka tizidutswa ta thabwa tinayamba kugwa.

Yotamu anatipeza tili choncho, ndipo nkhope yake inawala ngati munthu amene wapambana mlandu asanalankhule. Anaitana a Nazimbiri, oyandikana nawo nyumba, kuti adzakhale mboni. A Nazimbiri anaseka n'kunena kuti fungo la ku Joni lagwetsa ngakhale mkulu wa mpingo. Yotamu anatola mpini wa khasu. Pamenepo amayi, amene anali atangofika kuchokera kumjigo, anatula ndowa, nalowa, naima pakati pa mwana wawo ndi galu wawo.

"Ndipatse kiyi."

Yotamu anawakumbutsa mwambo, kuti atsibweni asanafike palibe wokhudza katunduyo, ndipo kuti iwo omwe ndiwo anamuphunzitsa zimenezo.

"Sindikufuna katundu wako," amayi anatero, mawu awo ali pansi. "Ndikufuna kutsegula chitseko cha nyumba yanga. Galu uyu wakhala nane zaka khumi ndi chimodzi. Nyama yaphikidwa muno, maukwati adyedwa muno, iye osapondamo. Lero zikhadabo zake zikutuluka magazi, ndipo iwe ukuti ndi chifukwa cha maswiti? Galu wamkota sakandira pachabe, Yotamu. Ndipatse kiyi."

Yotamu anamasula kiyi uja palamba, koma mpini sanautaye. Anati chigalucho chikangoti mphuno pachikwama, iye samvanso za munthu.

Chitseko chitatseguka, Ndaziona anadutsa pambali pa chikwamacho osachicheukira n'komwe. Analowetsa mutu kunsi kwa bedi, natulutsa Kamphepo atamugwira pakhosi monga ankachitira ali wakhanda, namuika pamapazi pa amayi. Kagaluko kanali katalowa m'mawa muja, Yotamu akupukuta nsapato, ndipo anakakhomera momwemo. Ngodya ya chikwama inali yong'ambika. Pansi panali mbwee mapepala onyezimira ndi masanzi akuda. Kamphepo ankanjenjemera thupi lonse, lilime lili panja, ndipo nditamunyamula ndinamva mtima wake ukuthamanga m'dzanja langa ngati wa mbalame yogwidwa.

Mpini unagwa pansi wokha.

Nzeru zinachuluka nthawi yomweyo. A Nazimbiri anati timumwetse madzi a mchere. Wina wodutsa anati mafuta ophikira. Yotamu, mawu ake atachepa, anati chinali chokoleti chabe, chimene ku Joni amadya ngakhale makanda, ndipo kagaluko kangokhuta. Amayi anakana zonsezo. Anati chinthu ichi iwo sakuchidziwa, ndipo chimene munthu sakuchidziwa sachizira ndi mphekesera. Anauza Yotamu kuti atulutse njinga tipite kwa mlangizi wa ziweto amene ankakhala pafupi ndi dipi, kuseri kwa phiri. Ine ndinatola mapepala onse aja n'kuwapinda m'thumba. Sukulu ndinailekeza Sitandade 3, koma kuwerenga ndinadziphunzitsa ndekha, ndipo ndinadziwa kuti zolembedwa pa pepala zikhoza kuuza dokotala zimene galu sangathe kunena.

Ndinakhala pakaliyala, Kamphepo ndili naye m'chitenje. Yotamu anapalasa chitunda chonsecho osatsika, nsapato zosongoka zija zitadzaza fumbi.

Mlangiziyo anali bambo wodekha. Anayala mapepala aja patebulo, nawerenga, nayeza kulemera kwa kagaluko, kenaka n'kuyamba ntchito yake. Anamubaya jakisoni, namumwetsa mankhwala akuda ngati makala. Pogwira ntchitoyo anatifotokozera kuti m'chokoleti muli chinthu chimene thupi la munthu limachichotsa msanga, koma thupi la galu limachisunga mpaka chitasokoneza mtima. Anati chokoleti chakuda chowawirako, chonga chimene Yotamu anagula, ndicho choopsa kwambiri, ndipo galu wamng'ono sasowa chambiri kuti afe. Anatiyamikira chifukwa cha mapepalawo, natiuzanso kuti madzi a mchere akanangowonjezera tsoka. Pomaliza anafunsa amene anazindikira msanga, chifukwa kagaluko kakanakhala m'chipindamo mpaka madzulo tikanakumba dzenje.

Yotamu anatsegula pakamwa kuti ayankhe, koma anangoloza pakhomo. Ndaziona anali atafika. Anali atatsata njinga mtunda wonsewo ndi mapazi ake otuluka magazi, ndipo anagona pakhonde la mlangiziyo, mutu uli pakhomo, osapondamo phazi, monga mwa mwambo wake.

Atsibweni anafika mawa lake, Kamphepo atayamba kunyambita madzi. Asanaike dzanja pachikwama anamva nkhani yonse, ndipo amene anaifotokoza anali Yotamu yemwe, osabisa za nsapato kapena za mpini. A Kachingwe anapita kukaona chitseko, nagwada, nasisita mikwingwirima ija ndi chala.

"Ine agalu sindiwakonda, ndipo sindiyamba lero," anatero. "Koma pa anthu onse a pakhomo pano, amene anadziwa chimene chinali kuseri kwa chitsekochi ndi mmodzi. Ameneyo kuphiri sapita. Mlongo wanga, munati bwanji paja?"

Amayi anabwereza mawu aja, ndipo atsibweni anawatenga n'kupita nawo kumabwalo a milandu kumene ankaitanidwa. Kuchokera kumeneko anafalikira. Atsibweni analamulanso kuti m'mbumba mwathu katundu wa mlendo azidikirabe mwinimbumba, koma azidikira ali wopachikidwa kumtanda wa denga, ndipo mwini wake azinena poyera ngati muli chodyedwa. Chokoleti chotsala tinagawana. Amayi analawa kachidutswa, nati chikuwawa ngati mankhwala a malungo, gawo lawo n'kulitsekera m'chitini pamwamba pa kabati.

Yotamu anafuna kupala chitseko chija kuti chisalale. Amayi anamuletsa, ndipo chili chomwecho mpaka lero. Ndaziona anakhalanso zaka ziwiri. Atafa, kuseri kwa nkhokwe pafupi ndi phale lake, amene anakumba dzenje anali Yotamu, ndipo sanalole munthu kumulandira khasu.

Tsono mukamva akulu akuti galu wamkota sakandira pachabe, tanthauzo lake ndi ili. Mkota ndi galu wamkazi wokalamba, amene waswa ana ambiri ndipo mphamvu zake amazisunga. Kagalu kamakanda paliponse, chifukwa cha chiwala kapena chifukwa cha kusewera chabe. Mkota akadzuka n'kuyamba kukanda, pansipo pali kanthu. N'chimodzimodzi munthu wachikulire amene mwakhala naye zaka zambiri osamuona akuvuta. Tsiku limene iye waumirira pa chinthu, nakana kuchoka ngakhale mukumuseka, musafulumire kunena kuti ukalamba wamusokoneza. Ikani mpini pansi, mufunse chimene waona, ndipo mutsegule chitseko nthawi ikadalipo.