Chithunzi cha Mayi Nangozo

Pakhonde la a Frackson Chimphepo, kuseri kwa Nsaru, padali thabwa lalitali pamene adandandalikapo timabasi ndi timalole tosaposa chikhatho. Adatipanga okha ku Joni, kumene adapita tsitsi lili bii n'kubwerako imvi zili mbuu. Anzawo Lamulungu ankalowera kumowa. Iwo ankadzitsekera m'kachipinda ka lendi, kusema zikombole ndi kuthiramo rezini, utomoni wa m'botolo uja umene ukauma umaoneka ngati galasi. Timabasito tidali tofanana ndi mabasi amene ankayenda mumsewu wa Mchinji iwo ali mnyamata, amene lero ngakhale zitsulo zake simungazipeze.

Atabwerera kwawo adapeza mitengo yatha, njira zadzaza njinga zamoto za kabaza, ana akuwapatsa moni wa mlendo. Adapezanso manda a mayi awo, Nangozo, atamera udzu kangapo. Maliro adawamvera pafoni. Amene adadwazika, kusambitsa ndi kulira pamtumbira adali mlongo wawo Monica. Palibe adawanena. Kumudzi munthu wotere samutukwana. Amangomupatsa mpando wabwino n'kumusiya yekha.

Anthu atakolola, banja lidagwirizana zomanga chiliza. A Bester, amuna a Monica, adaumba njerwa. Mtedza wa Monica udasanduka simenti. A Frackson adafuna kuikapo chinthu choti wina aliyense sangachithe, choti anthu akafika pamandapo adziwe kuti Nangozo adaberekanso mwana wamwamuna.

Chithunzi cha mayiwo chidalipo chimodzi. Adawajambula kuparishi atavala chitenje cha Amayi Achikatolika, maso atatsinzina pang'ono ndi dzuwa, dzanja litagwira korona. Monica ankachisunga m'buku la mapemphero, atachikulunga m'pulasitiki.

"Ndibwerekeni chithunzi cha amayi, mlongo," adatero a Frackson. "Ndichiika m'galasi losasweka, tichimatike pachiliza. Mvula sidzachikhudza, chiswe sichidzachilawa."

"Ndi chomwechi, achimwene, china kulibe," adayankha Monica. "Bwanji muyambe mwayesa ndi cha alamu anu chija cha pachitupa chakale? Chimenecho chikaonongeka palibe angalire."

"Ndiye nsembe yake ndine eti?" adatero a Bester akuseka. "Tengani, alamu. Mwina m'galasimo ndingakongoleko."

"Amayesa ndi ophunzira," adatero a Frackson. "Manja awa adayamba kugwira rezini inu musadakwatirane."

Monica adapempha kuti adikireko Loweruka, mwana wake Ulemu abwere kuchokera ku Namitete adzachijambule ndi foni. A Frackson adati pofika Loweruka chidzakhala chitauma, Ulemu adzajambula chokongola kale. Monica adaona kuti kukana n'kukumbutsa mlongo wake za maliro aja. Adafutukula pulasitiki n'kupereka chithunzicho ndi manja awiri.

Rezini amene a Frackson ankamudziwa adali wonunkha kuboola mphuno, ndipo ankauma ukangodonthezamo mankhwala pang'ono. Amene adakamupeza ku Lilongwe adali wa mtundu wina: wosanunkha, wa m'mabotolo awiri, lalikulu ndi lina la theka lake, ofunika kusakaniza onse pamuyezo. Wogulitsa atayamba kufotokoza, iwo adamudula pakamwa. Mumtima adati awa ndi amalonda a masiku ano, amafuna uthire botolo lonse kuti mawa ubwerenso. Atafika kunyumba adakhoma chikombole cha matabwa, adagoneka chithunzicho pansi pake, adadontheza mankhwala oumitsira monga ankachitira kale, n'kuthira rezini wambiri kamodzi.

Tsiku limenelo zidakongola. Monica adasuzumira n'kuona mayi ake ngati ali pansi pa madzi oyera a pachitsime.

"Ndi iwodi," adatero motsitsa mawu.

M'mawa mwake a Frackson adakhudza pamwamba ndi kamtengo ka machesi. Kadamatirira ngati pa ulimbo. Adati ndi chisanu cha Juni, mawa ziuma. Mawalo lidafika, linzake lidatsatira, ulimbo uli chomwecho. Ntchentche idateramo n'kufera pafupi ndi phewa la mayiwo. Kenaka m'mphepete mwa chithunzi mudayamba kuda, monga limachitira pepala likamwa mafuta, ndipo kudako kudayamba kukwawira pakati.

"Chivuuleni, achimwene, nkhope ikadaoneka," adatero Monica. "Tichiyanike. Ngakhale chikhale ndi mabanga, ine ndilandira."

"Mukuphunzitsa ine?"

"Sindikuphunzitsani. Ndikupempha amayi anga."

Pamenepo nkhani ikadathera pa mabanga. Koma kuvuula chithunzicho kudali kuvomera kuti zaka zonse za ku Joni zabereka chikombole cha ulimbo, ndipo mmisiri womanga kumanda adali atasiya kale kadzenje ka makona anayi pachiliza, akuuza aliyense wodutsa kuti muno mulowa nkhope ya gogo. Akatekisiti adali atalengeza m'tchalitchi tsiku lodalitsa. A Frackson adadikira Monica apite kudimba. Adatsanulira botolo lonse la mankhwala m'chikombolemo, adavundula ndi kamtengo pamwamba pa nkhope ya mayi awo, adakhazika chikombolecho pafupi ndi mbaula ya makala, n'kuvindikira zonse ndi beseni kuti kutentha kusathawe. Ku Joni nyengo yozizira ankachita zofanana ndi zimenezi ndi timatayala ta timabasi tawo. Sadaganize kuti katayala ndi kakang'ono ngati batani, pamene apa padali rezini wodzaza mbale. Adasamba m'manja n'kupita kumanda kukaona ntchito.

Pobwerera fungo lidawachingamira panjira. Atavundukula beseni, utsi udawaphimba m'maso. Rezini adali atawira yekha, wachita thovu, wafiira ngati shuga wopserera, wang'ambika pakati. Tsopano adali atauma ndithu, gwa ngati mwala. Adathamanga nacho padzuwa, kuchitembenuza uku ndi uku. Pamene padali nkhope padali thovu lokhalokha. Pakona pamodzi pokha ndi pamene pankaoneka dzanja logwira korona. Adayesa kuswa ndi tchizulo. Pepala ndi rezini zidali zitasanduka chinthu chimodzi.

A Bester adafika poyamba. Adayang'ana nthawi yaitali. Munthu wosasowa nthabwala uja adangovula chipewa n'kukhala pansi.

Monica adatula mtolo wa masamba, adapukuta manja pachitenje, n'kuwatambasula.

"Ndipatseni momwemo."

Adachiyang'ana osalira. Chala chake chidayenda pang'onopang'ono pamwamba pa dzanja lija.

"Dzanja ndi lawo," adatero. "Nkhope musadandaule nayo chifukwa cha ine. Ndidaisambitsa ndine, maso ndidawatseka ndine, ili m'mutu muno. Chisoni ndikumvera inu, achimwene. Inu mudzaikumbukira pati?"

Loweruka Ulemu adafika ndi foni yake. Atauzidwa zimene zidachitika, adaibweza m'thumba.

Tsiku lodalitsa chiliza anthu adasonkhana, nyimbo zidaimbidwa, madzi odalitsika adawazidwa. Kadzenje kaja mmisiri adakatseka ndi simenti, koma simenti yatsopano siigwirizana mtundu ndi yakale, moti makona anayiwo akuonekabe mpaka lero. A Frackson adaima kumbuyo. Adatsinzina kuti aone mayi awo. Adaona chitenje, adaona korona, adaona ngakhale khoma la parishi. Pakati padali mbee. Adazindikira kuti nkhope imene ankaikumbukira chibwerereni sidali ya mayi wamoyo, idali ya pachithunzi chija.

Timabasi tija tikadali pathabwa, fumbi likutikwirira. Luso limene lidatipanga lidali lenileni, ndipo pa nthawi yake lidagwira ntchito. Koma dziko silidikira munthu amene adachoka, ngakhale zamumabotolo zimasintha iye osadziwa. Akuluakulu adaziona zimenezi kalekale, n'chifukwa chake adati tsobola wakale sawawa.